Anamwino alipo angati? Mbiri ya funso lomwe tinachedwa kulifunsa

Sabata ino gawo ndi langa, ndipo ndabwera ndi nkhani ya mbiri. Ndi mbiri ya mawerengero, koma musathawe, masamu ake ndi a pamsika.

Azakhali anga anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi. Ndili mwana ndinkapita kukakhala nawo pa holide. Nyumba yawo inali kuseri kwa chipatalacho, ndipo chomwe ndimakumbukira kwambiri ndi kugogoda kwa usiku. Munthu ankafika ndi nyali, kapena ndi njinga itanyamula mayi wodwala matenda aakulu, n'kuima pazenera kuitana kuti "Anesi! Anesi!" Azakhali ankadzuka, kumanga chitenje pamwamba pa diresi, n'kutuluka. M'mawa anali omwewo pa sikelo ya ana, masana omwewo pobaya jakisoni. Tsiku lina ndinawafunsa kuti anzawo ali kuti. Anaseka n'kunena kuti pa pepala la boma alipo anayi. Atatu enawo anali mipando chabe yolembedwa, yopanda anthu.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa: kodi amene amaganiza kuti apa pakhale anamwino anayi, apo khumi, amawerenga bwanji? Nanga dziko limadziwa bwanji lero kuti zaka khumi zikubwerazi lidzafuna anamwino angati?

Tiyambe ndi kale. Unamwino ndi mawerengero zinayendera limodzi kuyambira pachiyambi. Florence Nightingale, yemwe tsiku lake lobadwa, 12 May, ndi lomwe anamwino amakumbukira pa dziko lonse, anapita ku Scutari m'chaka cha 1854 ndi anamwino 38 kukasamalira asilikali a Britain pa nkhondo ya ku Crimea. Ambiri timangomudziwa ngati mayi wa nyali. Koma chomwe chinagwedeza boma la kwawo chinali kaundula wake. Analemba imfa mwezi ndi mwezi, n'kuonetsa pa chithunzi kuti asilikali ofa ndi matenda obwera chifukwa cha uve anali ochuluka kwambiri kuposa ofa ndi mabala a kunkhondo. Akuluakulu akanatha kutsutsa mawu ake, koma manambala anawasowetsa chonena.

Kuno kwathu chipatala chamakono chinabwera ndi amishoni. Dr Robert Laws anafika mu 1875 ndi mishoni ya Livingstonia, ya Blantyre inatsatira mu 1876, ndipo kenako kunabwera Nkhoma, Malamulo, Likoma ndi ena. Amishoniwo ndi amene anayamba kuphunzitsa anthu akuda kutsuka zilonda, kupereka mankhwala ndi kubereketsa. Koma aliyense ankaphunzitsa owakwanira pa chipatala chake basi. Panalibe wokhala pansi n'kuwerenga kuti Nyasaland yense akufuna angati. Boma la atsamunda nalo linali ndi zipatala zake, ndipo maudindo akuluakulu a unamwino anali m'manja mwa azungu. Mtsikana wa kuno wofuna unamwino wapamwamba ankayenera kutuluka m'dziko. Mama Cecilia Kadzamira, mwachitsanzo, unamwino wawo anakauphunzira ku Southern Rhodesia.

Titalandira ufulu mu 1964 zinthu zinayamba kulongosoka. Mu 1965 sukulu ya National School of Nursing inatsegulidwa ku Blantyre. Mu 1966 kunakhazikitsidwa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe limasunga kaundula wa anamwino ndi azamba ovomerezeka. Kaundula ameneyu mumusunge m'mutu, tibwerera kwa iye. M'chaka chomwecho cha 1966 zipatala za mipingo zinapanga mgwirizano womwe lero timautchula kuti CHAM, ndipo sukulu zake, monga za ku Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, Nguludi, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Muona, ndi zomwe zaphunzitsa anamwino ambiri omwe timawapeza m'zipatala za kumidzi. Mu 1979 Kamuzu College of Nursing inakhala nthambi ya University of Malawi.

Sukulu zinalipo, inde. Koma taonani mbali inayi. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa 1977 anapeza 5.5 miliyoni, wa 1987 pafupifupi 8 miliyoni, wa 1998 pafupifupi 10 miliyoni. M'zaka makumi atatu chiwerengero cha anthu chinachulukana kawiri ndi theka. Sukulu za unamwino sizinakule pa liwiro limenelo. Banja likamakula koma munda uli womwewo, njala siichita kulosera kwa sing'anga, imaoneka ikubwera.

Kenako kunagwa zinthu zitatu nthawi imodzi.

Choyamba, Edzi. Wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mawodi anali odzaza mpaka ena kugona pansi, pakati pa mabedi. Kafukufuku wa 2004 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, pafupifupi 12 anali ndi kachirombo. Matendawa anakantha mbali ziwiri: anachulukitsa odwala, n'kutenganso anamwino eniakewo. Namwino wotsala ankajomba ku ntchito, osati chifukwa cha ulesi, koma kupita ku maliro a mnzake kapena kukadwazika m'bale wake.

Chachiwiri, malipiro. Kwacha inkagwa mphamvu chaka ndi chaka, malipiro a boma osakwera mofanana. Mabungwe omwe si a boma atachuluka, makamaka a nkhani za Edzi, anayamba kulemba anamwino ntchito pa ndalama zabwinoko. Namwino waluso ankachoka m'wodi kukakhala mu ofesi kapena kukayendetsa maphunziro m'mahotela. Ndani angamudzudzule, ali ndi ana a sukulu?

Chachitatu, ulendo wa kunja. Nthawi imeneyo zipatala za boma ku Britain zinkasowa anamwino ndipo zinkalemba ntchito anthu ochokera m'maiko ena. Namwino wofuna kupita ankayenera kukatenga kalata yotsimikiza maphunziro ake ku Nurses and Midwives Council. Kaundula uja, yemwe anapangidwa kuti alembe olowa ntchito, anasanduka wowerengera otuluka. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 anamwino pafupifupi 100 ankatenga makalata otere chaka chilichonse, ambiri a ulendo wa ku Britain. Wina anganene kuti 100 ndi ochepa. Koma opitawo anali makamaka aja a maphunziro apamwamba, oyang'anira mawodi ndi ophunzitsa anzawo, omwe dziko linkatulutsa ochepa kwambiri pa chaka. Akachoka mphunzitsi mmodzi, kalasi yonse ya mawa yapita naye.

Zotsatira zake zinaoneka pa amayi. Kafukufuku wa 1992 anaonetsa kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 620 ankamwalira chifukwa cha uchembere. Wa 2000 anapeza 1,120. Edzi inali ndi gawo lake pa imfa zimenezi, koma kusowa kwa azamba nakonso kunalipo. Amene munaberekera kapena kudikirira odwala ku Bottom, komwe lero ndi Bwaila ku Lilongwe, mukukumbukira mmene mzamba mmodzi ankathamangira kuchoka pa bedi ili kupita pa linalo. Mu 2004 nkhani ya chipatala chimenechi inafika mpaka mu nyuzipepala ya New York Times.

Apa ndi pamene kuwerenga kunayamba kugwira ntchito. Unduna wa Zaumoyo utayendera zipatala n'kuika manambala pamodzi, zinaoneka kuti mwa mipando ya anamwino yomwe inali pa pepala la boma, pafupifupi iwiri mwa itatu iliyonse inalibe munthu. Panali maboma ena omwe mukagawa anamwino ake ndi chiwerengero cha zipatala, chipatala chimodzi sichinkakwana ngakhale namwino mmodzi. Panalinso maboma opanda dokotala ndi mmodzi yemwe. Zomwe azakhali anga ankaseka nazo zija zinali za dziko lonse.

Chaka cha 2004 chinalinso chaka chomwe boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake. Ndalama za mankhwala zinali zitapezeka ku Global Fund. Funso linali lakuti: apereke ndani? Kumayambiriro kwa chakacho Peter Piot, mkulu wa UNAIDS, ndi Suma Chakrabarti wa DFID ya ku Britain anabwera kudzayendera dziko lino, ndipo anabwerera atatsimikiza kuti popanda anthu ogwira ntchito, mankhwala angoolera m'makatoni. Nthawi imeneyo maiko othandiza sankafuna n'komwe kumva zolipira malipiro a ogwira ntchito m'boma. Ankati zimenezo n'zosatha, boma lizione lokha. Manambala aja ndi amene anawasintha maganizo.

Kunabadwa ndondomeko ya zaka zisanu ndi chimodzi yotchedwa Emergency Human Resources Programme. Inali ndi miyendo ingapo. Magulu 11 a ogwira ntchito zachipatala, a boma ndi a CHAM omwe, anawonjezeredwa 52 peresenti pa malipiro awo. Sukulu zinakulitsidwa: makalasi, malo ogona ophunzira, nyumba za aphunzitsi, ndipo boma linkalipirira ophunzira. Anamwino omwe anapuma kapena kusiya ntchito anaitanidwa kuti abwerere. Madokotala ndi aphunzitsi odzipereka ochokera kunja anabwera kudzatseka mipata poyembekezera athu. Mwendo wina, womwe anthu sautchula kawirikawiri, unali wolimbikitsa Unduna kuti uzisunga bwino chiwerengero cha antchito ake.

Ndondomekoyi itaunikidwa mu 2010, zinapezeka kuti ogwira ntchito a m'magulu 11 aja anachoka pa 5,453 mu 2004 kufika pa 8,369 mu 2009. Anamwino okha anachoka pa pafupifupi 3,500 kufika pa 4,800. Alangizi a zaumoyo, aja timawaona pa njinga m'midzi, omwe mbiri yawo inayambira pa katemera wa nthomba ndi mliri wa kolera wa m'ma 1970, anachuluka kupitirira 10,000. Ulendo wa ku Britain nawo unachepa, ngakhale apa tisadzitame kwambiri: mu 2006 Britain yemweyo anakhwimitsa malamulo olembera anamwino ochokera kunja. Imfa za amayi zinatsika kufika pa 675 mu kafukufuku wa 2010, kenako 439 mu wa 2015 mpaka 2016. Sizinatsike chifukwa cha anamwino okha ayi, koma popanda iwo sizikanatheka.

Tsopano tione mmene kuwerengaku kumayendera, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani.

Njira yophweka ndi yogawa anthu ndi anamwino. Mu 2006 bungwe la WHO linati dziko lomwe lili ndi madokotala, anamwino ndi azamba osakwana 2.3 pa anthu 1,000 alionse lili pa vuto lalikulu. Linapeza maiko 57 otere, Malawi ali m'gulumo. Mu 2016 mlingowu unakwezedwa kufika pa 4.45. Njira imeneyi ndi yabwino pofananiza maiko, koma ili ndi chibwana chake. Imaika Lilongwe ndi Chitipa m'thumba limodzi. Siikuuzani kuti anamwino ambiri aunjikana m'tauni pamene anthu ambiri ali kumudzi.

Njira yachiwiri, yomwe WHO inatulutsa mu 1998 ndipo imatchedwa WISN, imayambira pa ntchito yeniyeniyo. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti timvane. Chaka chili ndi masiku 365. Chotsanipo Loweruka ndi Lamlungu, atsala 261. Chotsanipo tchuthi, maholide, masiku odwala ndi a maphunziro, tinene kuti atsala 210. Pa maola 8 patsiku, namwino mmodzi ali ndi maola 1,680 pa chaka. Tsopano tsegulani kaundula wa chipatala. Tinene kuti pamabadwira ana 600 pa chaka, ndipo mayi aliyense amadya maola 4 a mzamba: amenewo ndi maola 2,400. Amayi oyembekezera abwera ku sikelo maulendo 6,000, ulendo uliwonse mphindi 20: maola 2,000. Zonse pamodzi 4,400. Gawani ndi 1,680, mupeza kuti ntchito ziwiri zokhazi zikufuna anthu atatu, tisanawerenge mabala, katemera, kulera ndi kulemba malipoti. Ndiye pali china chomwe ambiri sitiganizira. Mimba siidziwa Lamlungu. Kuti pa wodi pazikhala munthu usana ndi usiku chaka chonse, pafunika maola 8,760, ndiye kuti anamwino oposa asanu. Mukapeza namwino mmodzi pa chipatala chotsegula maola onse, dziwani kuti akusenza katundu wa anthu asanu. Akakuyankhani mokalipa, sindikuti n'zabwino, koma mwina tsopano mukudziwa komwe zachokera.

Njira yachitatu ndi yoyang'ana kutsogolo, ndipo mlimi aliyense amaidziwa. Ukakolola umayang'ana nkhokwe, n'kuwerenga pakamwa pomwe pali pakhomo, n'kuganizira anankafumbwe, kenako umadziwa ngati chimanga chifike February. Anamwino n'chimodzimodzi. Mumawerenga omwe alipo lero ndi zaka zawo, kuti mudziwe angati apume posachedwa. Mumawonjezera omwe akutuluka m'sukulu chaka ndi chaka. Mumachotsera omwalira, osiya ntchito ndi opita kunja. Kenako mumaika pambali pake kukula kwa chiwerengero cha anthu ndi kusintha kwa matenda. Chovuta n'chakuti namwino sapsa msanga. Wa digiri amatenga zaka 4, wa m'sukulu zambiri za CHAM zaka 3. Ndiye mukazindikira lero kuti akusowa, oyamba mudzawaona patapita zaka zitatu kapena zinayi, ndipo izo zitheka ngati aphunzitsi ndi malo ophunzirira alipo kale. Kulakwitsa masamu chaka chino, olipira ndi odwala a zaka zisanu zikubwerazo.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pa 2010, pokoma. Koma mbiri siitha pomwe ife tafuna. Ndondomeko ija itatha, ndalama zolipirira ophunzira m'sukulu za CHAM zinayamba kuvuta. Mu 2013 kunaphulika nkhani ya Cashgate, maiko othandiza n'kusiya kuika ndalama zawo mwachindunji m'thumba la boma. M'zaka zotsatira tinaona chinthu chomwe azakhali anga sakanachikhulupirira: anamwino omaliza maphunziro, okhoza mayeso a Council, atakhala pakhomo zaka kudikira ntchito, pamene m'mawodi mipando ili yopanda anthu. Bungwe la anamwino la NONM lakhala likudandaula za zimenezi kwa nthawi yaitali. Tinawerenga bwino kuti tikufuna angati, tinawaphunzitsa, koma sitinawerenge kuti adzalipidwa ndi chiyani. Unduna wa Zaumoyo unali ndi masamu ake, a Zachuma ndi awo, ndipo masamu awiriwa sanakumane.

Covid itafika mu April 2020, ogwira ntchito m'zipatala ananyanyala kufuna zovala zodzitetezera, ndalama za chiopsezo ndi anzawo owonjezera, ndipo boma linalengeza kuti lilemba anthu 2,000. Anthuwo analipo kale, ankangodikira. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700, ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, zinatikumbutsanso kuti nkhokwe yokwana ndendende siipirira chaka choipa.

Pakadali pano sukulu zachuluka. Mzuzu University imaphunzitsa anamwino, Daeyang nayo, Malawi College of Health Sciences ikupitiriza, ndipo mu 2021 Kamuzu College of Nursing inaphatikizana ndi College of Medicine kupanga KUHeS. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti tafika 17.5 miliyoni, ndipo tikuchulukirabe. Matenda nawo akusintha. Anthu a pa ma ARV akukalamba, zomwe ndi nkhani yabwino, koma BP, shuga ndi khansa zikufuna anamwino a luso lina. Kunja nako njala ya anamwino siinathe. Lipoti la WHO la 2020 linati dziko lonse lili ndi anamwino pafupifupi 28 miliyoni ndipo likuperewera ndi pafupifupi 6 miliyoni. Mu 2010 maiko anagwirizana mfundo zoti olemera asamakokolole achipatala a m'maiko osauka, ndipo Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa maiko oyenera kutetezedwa. Koma mfundozi siziletsa munthu kudzifunira yekha ntchito kunja, ndipo namwino yemwe wakhala zaka zitatu osalembedwa simungamuuze za kukonda dziko.

Phunziro lomwe ine ndikutolapo ndi ili. Mu 2004 tinawerenga moto utafika kale pa denga, ndipo ngakhale pamenepo kuwerengako kunapulumutsa anthu. Kukanakhala kuti wina anaika kalembera wa 1987 pambali pa chiwerengero cha otuluka m'sukulu za unamwino, n'kumvedwa, mwina amayi ambiri a m'ma 2000 akanakhala moyo. Lero mafunso ake ndi omwewo, ndipo si a akatswiri okha. Phungu wanu akabwera kudzalonjeza chipatala chatsopano, muombereni m'manja, kenako mumufunse kuti anamwino ake achokera kuti, adzakhala angati, adzagona kuti, ndipo malipiro awo ali pa tsamba liti la bajeti. Ku komiti ya chipatala cha kwanu funsani kuti pa pepala pali mipando ingati ndipo yokhala ndi anthu ndi ingati.

Azakhali anapuma ntchito kalekale. Mpaka lero tulo tawo n'topepuka, galu akangouwa usiku amadzuka. Amati thupi linazolowera kudikira kugogoda.

Ndikudziwa kuti m'gulu muno muli anamwino, azamba, alangizi a zaumoyo, ndi ena omwe munamaliza sukulu koma mukudikirabe kuitanidwa. Muli ndi zambiri zomwe ine sindinazione ndi maso. Tiuzeni: pa chipatala chanu, pepala likuti mulipo angati, nanga usiku wathawu munalipo angati?

Tionane sabata ya mawa ndi mlembi wina.